Manambala a M'mutu mwa Adokotala

Sanali dokotala. Anali wothandizira madokotala, wa maphunziro a zaka zochepa. Koma m'zipatala zing'onozing'ono zimene anagwiramo ntchito, dokotala weniweni ankaoneka mwa apo ndi apo, ndiye anthu ankangowati Adokotala. Iwo sanakanepo. Dzinalo linamera mizu, moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho akafuna kuwanyogodola.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Bala ankalisoka mwaukhondo. Chibayo ankachimva mwana akadali pakhomo, pa kapumidwe kokha. Koma anali ndi lamulo lawo limodzi: wodwala asatuluke m'chipinda opanda dzina la matenda ake. Ankati munthu amene walawirira, wakhala pa benchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, ukamuuza kuti "sindikudziwa" wamuwonjezera matenda. Choncho nthenda ikawazunguza mutu ankakankhira magalasi m'mwamba, kutsokomola pang'ono, n'kutchula dzina. Kawirikawiri ankalasa. Nthawi zina ankaphonya, koma thupi la munthu limadzichiza lokha pa zambiri, ndipo ulemu unkapitabe kwa iwo.

Atapuma pa ntchito, nyumba inawachepera. Anakonza chitseko chimene sichinali chothyoka. Anasanja mapoto ku khitchini motsata msinkhu. Akazi awo akangoyasamula, iwo anali atafika kale ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi.

"Apezere chochita bambo akowa," anatero mayiwo pa foni, akulankhula ndi mwana wawo wotsiriza. "Andiyeza m'mawa, andiyeza masana, pano akundiyang'ana m'maso ngati nkhuku yogula. Akapitiriza ndidwaladi."

Mwanayo anali wamkazi, ndipo kunyumba ankangomuti Mzime. Ankalera yekha kamwana kake, ndipo ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu imene ankapanga nthawi imeneyo inali yowerenga zolemba za m'chipatala. Dokotala wina amalemba dzina la nthenda lonse, wina amadula, wina amalemba mmene wodwala wanenera. Pulogalamuyo inkayenera kuzindikira kuti onsewo akunena chinthu chimodzi, n'kuchipatsa nambala imodzi yochokera m'buku lalikulu limene zipatala zimagwirizana kutsatira. Nthenda iliyonse, chizindikiro chilichonse, mankhwala alionse ali ndi nambala yake m'bukumo: chilembo kutsogolo, manambala pambuyo. Koma kompyuta siibadwa yodziwa. Pamafunika anthu oti akhale pansi, awerenge zolembazo chimodzichimodzi, n'kumaika nambala yoyenera ndi manja, kuti makinawo aphunzirepo. Mzime ndiye ankatsogolera ntchito imeneyi, ndipo ankasowa munthu wodziwa kuwerenga malembedwe a madokotala.

Tsiku lokaonekera, Adokotala anavala jekete imene ankavala pa maukwati. Anawakhazika pa mpando wa m'khonde, pafupi ndi ofesi ya abwana. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo anamva zonse.

"Achibale pa ntchito sindiwafuna," anatero abwanawo, mayi wa mawu otsika amene sankawononga malovu. "Wachibale akalakwa sungamukalipire."

"Bambo anga pa zachipatala salakwitsa."

"Aliyense amalakwitsa. Chabwino, abwere. Koma ali m'manja mwako. Zikavuta sindidzafunsa iwo, ndidzafunsa iwe. Ndipo ukudziwa kuti mpando wakowo ofuna alipo."

Adokotala anaongola kolala. Mumtima anati mayi ameneyu sakudziwa amene akumunena.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi chachitali, pamwamba pa sitolo ya matayala. Fungo la labala linkakwera ndi masitepe. Mawaya ankayenda pansi atamatidwa ndi tepi, ndipo pakona panali ketulo imene aliyense ankaidandaula koma palibe ankaitsuka. Anyamata ndi atsikana ankakhala atatseka makutu ndi timawaya, osayang'anana. Wowaonetsa ntchito anali mnyamata wamkulu thupi amene anzake ankamuti Wandevu, wachiwiri kwa Mzime, munthu wosatha kusunga nthabwala m'kamwa.

"Apa, madala, pakubwera chiganizo. Mawu a matenda muwadetse chonchi. Mulembe apa kuti mufufuze m'buku. Nambala ikabwera, dinani. Ngati mukuidziwa pamtima, kabokosi aka mutha kulembamo nokha. Ndiye pali batani lotuwali."

"Limenelo n'lachiyani?"

"Lalembedwa kuti palibe nambala. Mukafufuza n'kusowa, dinani pamenepo. Si tchimo. Ine ndimalidina kuposa mmene ndimapempherera."

Masabata oyamba zinayenda. Zidule za madokotala zimene achinyamatawo ankakanda nazo mitu, Adokotala ankaziwerenga ngati dzina lawo. Anayamba kuwaitana uku ndi uku. Mzime akamadutsa kumbuyo kwawo ankayenda mapewa ali m'mwamba. Kunyumba mayi aja anayamba kuyasamula mwaufulu.

Vuto linabwera ndi mawu a odwala. Madokotala ena, makamaka otopa, amangolemba zimene amva. Akuti m'mimba mukuyenda chinthu. Akuti akuzizidwa m'mafupa. Akuti mutu ukuwira pakati. Akuti thupi likumveka ngati si lake. Adokotala mawu amenewa anawamva moyo wawo wonse. Ankaona ngakhale nkhope za owanena, ndi mmene amagwirira pamimba pofotokoza. Koma buku lalikulu lija silinkawadziwa. Ankafufuza chonchi, kutembenuza mawu, kufufuzanso. Palibe.

Batani lotuwa analidina kamodzi. Chiganizocho chinazimiririka, kunabwera china.  Zinawamvekera ngati atulutsa munthu m'chipinda chimanjamanja, anthu a pa benchi akuona. Tsiku lonselo tiyi sanamumve kukoma.

M'mawa mwake, chiganizo cha mtundu womwewo chitabwera, anayang'ana kabokosi kolembamo ndi manja kaja. Anatenga nambala ya nthenda ya m'mimba imene inali yoyandikirako, n'kusintha manambala akumapeto. Inkaoneka bwinobwino, yofanana ndi inzake. Anadina.

Kompyuta inalira. Sikirini inafiira. Mzime anali ataika m'pulogalamumo kachigawo kofufuza ngati nambala iliyonse yolembedwa ndi manja ilidi m'buku, ndipo mu ofesimo ankakatcha mlonda. Mlondayo ndiye anakuwa. Timawaya tinatuluka m'makutu, mitu yonse inatembenuka.

"Eee! Madala, mlonda wakugwirani!" anatero Wandevu. "Mwaba chiyani?"

Anthu anaseka. Sikunali kuseka koipa, koma Adokotala anali asanasekedwepo pa ntchito. Mzime anabwera n'kuwerama pa phewa lawo.

"Ababa, nambala imeneyi mwaitenga kuti?"

Apa ndi pamene pakanathera nkhani. Akanati ndayesa chabe, anthu akanaseka pang'ono, ketulo ikanawira, basi. Koma maso onse aja anali pa iwo. Anakankhira magalasi m'mwamba n'kutsokomola.

"Ndi ya m'buku lakale. Limene tinkagwiritsa ntchito inu musanabadwe. Lanuli n'loperewera."

"Buku lakale liti, madala?" anafunsa Wandevu.

"Mwana iwe, ndinayamba kulemba manambala a matenda ndevu zakozo zili kwa Mulungu."

Kuseka kunatembenukira kwa Wandevu, ndipo iye anakweza manja kugonja. Mzime sanaseke. Ankaganiza. N'zoona kuti buku lija limasinthidwa nthawi ndi nthawi: manambala ena amachotsedwa, ena amaphatikizidwa. Zimene ananena bambo ake zinali zotheka. Ndipo anali bambo ake, munthu amene anthu ankamuvulira chipewa pamsewu iye ali wamng'ono atagwira chala chawo.

"Ndiye mundibweretsere bukulo kuti ndiwalumikize ndi atsopano," anatero. "Pakadali pano ndimuuza mlonda kuti manambala a pa desiki yanu azingowalola."

Anakhala pansi n'kulemba mizere yochepa. Mlonda sanakuwenso.

Kuyambira pamenepo Adokotala anamasuka. Dandaulo lililonse losowa nambala ankalipangira yake. Sankalemba paliponse, zonse zinali m'mutu: za m'mimba ankazitengera ku manambala a m'mimba, za mafupa ku a mafupa. Mzime anafunsa za buku lija kangapo. Poyamba anamuuza kuti lili m'katoni ina pamwamba pa kabati. Kenako anati mwina anabwereka mnzawo wina amene anasamuka. Pambuyo pake ankangokwinya nkhope, ndipo mwanayo anasiya kufunsa. Ntchito inali yambiri, masiku operekera anali pafupi. Iwo eni, pofika miyezi ingapo, ankatha kuliona bukulo m'maganizo: lachikuto chobiriwira, long'ambika pakona. Bodza ukaligoneka m'nyumba nthawi yaitali limayamba kuoneka ngati wachibale.

Chimene sanaganizire n'chakuti buku lenileni lija n'lodzaza. Ukasintha manambala akumapeto, nthawi zina umagwera pa malo opanda kanthu. Nthawi zina umagwera m'nyumba ya mwini.

Pulogalamu inaphunzira zonse zimene inapatsidwa, zabwino ndi zopeka zomwe, ndipo anaitumiza ku chipatala china kuti akaiyese. Sipanapite nthawi. Lachisanu lina m'mawa abwana anaitana onse kuti aime kutsogolo kwa sikirini yaikulu ya pakhoma.

"Dokotala wa kumene tikuyesera waimba foni," anatero. "Werengani."

Panali zolemba za bambo wina wokalamba, dzina atalichotsa. Akuti m'mimba mukuyenda chinthu. Pansi pake pulogalamu inali itaika nambala, ndipo pambali pa nambalayo panali dzina lake lenileni la m'buku: mimba yokhala kunja kwa chiberekero.

Chipinda chonse chinaphulika. Mtsikana wina anachita kugwira desiki.

"Agogo aamunawa tisonkherane tiwagulire matewera," anatero Wandevu akupukuta misozi. "Koma mwini mimbayo ndani?"

Adokotala sanaseke. Nambalayo anaizindikira. Inali mwa zoyambirira zimene anapanga.

Abwana anadikira kuti phokoso lithe, n'kusintha tsamba. Uyu anali mwana wa sukulu. Akuti akuzizidwa m'mafupa. Pulogalamu inati khansa ya m'mafupa.

"Namwino wina anaona zimenezi, osadziwa kuti tikungoyesa," anatero abwana. "Anaimbira mayi a mwanayu kuti abwere naye msanga. Mayiyo anafika akulira, atauza kale abale onse. Mwanayo anali ndi chimfine."

Palibe anasekanso. Pansi, m'sitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo.

"Tafufuza. Muli manambala ambirimbiri amene m'buku mulibe, ndi ena amene alimo koma akunena zina. Ndikufuna kudziwa kuti anadutsa bwanji pa mlonda."

Mzime anapita patsogolo. "Ndinatsegula ndine."

"Chifukwa?"

"Ndinkaganiza kuti ndi a m'buku lakale."

"Bukulo unaliona?"

"Ayi."

"Anakuuza ndani kuti liliko?"

Aliyense m'chipindamo analipo tsiku limene mlonda anakuwa. Wandevu anayamba kuyang'ana zikhadabo zake.  Adokotala ankadziwa mawu oyenera, ndipo anali ochepa. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi katsokomolo kaja.

"Ndinangoganiza ndekha," anatero Mzime.

Abwana anamuyang'ana nthawi yaitali. Kwa Adokotala sanacheukireko n'komwe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kutukwanidwa.

"Lolemba tidzakambirana ngati ukhale pano kapena ayi. Bwererani ku ntchito."

Tsikulo Adokotala anakhala pa desiki manja ali pa mawondo. Palibe anawaitana kuti awerenge chidule. Poweruka anakumana ndi Mzime pa masitepe. Anayembekeza kuti awafunsa, mwina awakalipira, ndipo anali atakonza kale poyambira. Iye anangowapatukira kuti adutse.

"Muyende bwino, Ababa. Mukawapatse moni amayi."

Kunyumba anapeza akazi awo akusita. Anakhala pa mpando osavula jekete.

"Kwagwanji? Nkhope ngati mwaluza wodwala."

"Makina aja alakwitsa. Mwana ali m'madzi."

"Makina?"

"Nkhani ya manambala. Simungaimve."

Mayiwo anaimika simbi. "Ndingaimve. Wandiimbira masana, akulira m'chimbudzi cha ku ntchito kuti anzake asamuone. Sanakuneneni, musaope. Wangondifunsa ngati ndinaonapo buku lakale la manambala m'nyumba muno."

Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndamuuza kuti nyumba ino ndaisesa kuyambira tsiku limene tinalowamo. Pamwamba pa kabati pali nyale yakufa ndi nsapato zanu za mpira. Adokotala, buku lija lili kuti?"

"Odwala aja amanena zinthu zenizeni. Buku lawolo silikuzidziwa. Ndikanatani?"

"Sindinafunse za odwala."

"Kulibe."

"Nenaninso, khutu ili lakalamba."

"Bukulo kulibe, amayi ake."

Mayiwo anatenga malaya ena n'kuwayala. Anasita kolala, anasita mkono, osathamanga.

"Akale ankati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Inu mwatembenuza. Mwadya ndinu, zikupota mwana. Ndipo munaima pomwepo?"

"Ndinali pomwepo."

"Ndi pakamwa panu pomwepo?"

Mayiwo anatembenuza malaya aja.

"Ine ndinakupirirani. Munandiuza kuti ndili ndi zilonda za m'mimba pamene ndinali ndi pakati pa mwana yemweyu, ndinaseka, zinatha. Koma uyu ali ndi kamwana kodyetsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musayembekeze kuti ndikutsekulirani ine."

Loweruka ndi Lamlungu Adokotala sanatuluke. Mnansi wina anabwera ndi mwana wotupa chala, iwo anatuma mawu kuti agona. Anayeserera zokanena akumeta ndevu, akumanga nsapato. Nthawi iliyonse mawuwo ankayamba bwino, kenako n'kukhotera ku kuperewera kwa buku lalikulu, mpaka pomaliza wolakwa ankakhala buku.

Lolemba Adokotala analawirira. Sitolo ya matayala inali isanatsekule, koma abwana anali atafika. Anagogoda, analowa, anakana mpando.

"Buku lakale kulibe, mayi. Manambala aja ndinkapeka ndine. Mwana ndinamunamiza pamaso pa anzake. Anafunsa bukulo kangapo, ndinkamuzemba."

Zinatuluka zonse mosakhota, ndipo iwo eni anadabwa kufupika kwake.

"Ndinadziwa Lachisanu lomwelo," anatero abwana. "Ofesi yonse ikudziwa."

"Ndiye mulange ine."

"Inu ndikulangani chiyani, bambo? Mwapuma kale pa ntchito."

Adokotala anakankhira magalasi m'mwamba. Kukhota kuja kunabwera ndithu. "Komatu madandaulo aja ndi enieni. Anthu amamvadi choncho. Kungodina kuti palibe nambala, ndiye kuti munthuyo sananene kanthu?"

"Pamenepo mukunena zoona. Mukanabwera kudzandiuza kuti buku likuperewera, tikanakhala pansi. Tikanapanga manambala athuathu, n'kuwaika chizindikiro kutsogolo choti aliyense aone kuti awa ndi apakhomo, si a m'buku. Ena amatero, si zachilendo. Nambala yopanga si mlandu. Mlandu ndi kuiveka yunifomu ya inzake n'kuilowetsa pamzere."

Iwo anayang'ana pansi. Pa kapeti panali banga la tiyi looneka ngati impso.

"Nanga mwana?"

"Mwana wanu ndi waluso, ndipo sindikufuna kumutaya. Mukanapanda kubwera ndikanavutika kumusunga, chifukwa munthu amene amandibisira zinthu sindigwira naye ntchito, ngakhale akubisira bambo ake. Akhala. Koma sangatsogolerenso. Anamuchotsa mlonda pakhomo chifukwa wolowayo amamudziwa. Mpando wake ndapatsa mnzake uja."

"Wandevu?"

"Yemweyo. Iye anafunsa kuti buku liti."

Abwana sanathere pomwepo.

"Ndipo zonse zimene munagwira tikuzitaya."

"Zonse? Zambiri zinali zolondola, mayi. Zidule zija palibe akanazitha."

"Ndikukhulupirira. Koma zolondola ndi zopeka zavala mofanana. Kuzisankha n'kovuta kuposa kuyambiranso. Anawa abwereza ndi manja, miyezi yonse ija."

"Ndiloleni ndiwathandize. Osandipatsa kalikonse."

"Ayi, bambo. Mukaika nambala, wina ayenera kudzaiyang'ananso. Ndiye mwathandiza chiyani?"

Potuluka anapeza achinyamata aja atafika. Aliyense anapeza chochita pa sikirini yake. Adokotala anatola zawo: kapu, chikwama cha magalasi, ndi kapilo kamene akazi awo anawasokera chifukwa cha msana. Wandevu anaimirira ngati akufuna kunena kanthu, nthabwala inamukanika, anangoti, "Muyende bwino, madala."

Mzime anali atalowa kwa abwana. Anatuluka msanga, nkhope ili youma, n'kuwalanda kapilo kaja. Anatsika nawo masitepe mpaka pamsewu, pamene amaima maminibasi.

"Ndawauza zonse," anatero Adokotala.

"Andiuza."

"Ndinachedwa."

"Ee."

Minibasi inaima, kondakitala akuitana. Mzime anawapatsa kapilo.

"Mukanangondiuza kunyumba, Ababa. Pa awiri. Sindikanaseka."

Adokotala anakwera. Anakhala pakati pa mayi wonyamula beseni ndi mnyamata wogona, kapilo kali pamiyendo ngati mwana wa eni.

Papita nthawi tsopano. Adokotala ali kunyumba. Anansi amabwerabe ndi zala zotupa ndi ana otentha thupi, chifukwa nkhani ya pamwamba pa sitolo ya matayala sinafike m'makwalala awo. Amawathandiza. Chitseko chija achikonzanso. Mzime akadali pa kampani yomweyo, pa desiki ya pafupi ndi ketulo, ndipo amalandira malangizo kwa Wandevu. Amabwera Lamlungu ndi kamwana kake. Amapereka moni mwaulemu, amafunsa za msana, kenako amalowa ku khitchini kwa amayi ake, kumene kuseka kumamveka. Nkhani ija sanaitchulenso.

Ntchito yopanga mlonda watsopano anapatsa Mzime yemweyo. Adokotala anazimva kwa akazi awo, zidutswazidutswa. Tsopano nambala yachilendo siitayidwa, komanso siilowa. Imaikidwa pambali, anthu awiri amaiyang'ana, ndipo ikakhala yofunika amaipatsa chizindikiro cha pakhomo. Wolemba nambala ndi manja, makina amamuonetsa dzina lake lenileni n'kumufunsa ngati akunenadi zimenezo. Desiki ya aliyense ndi chimodzimodzi, ya abwana yomwe.

Lamlungu lina ali pakhonde, foni ya Mzime inalira. Anali wa ku ntchito, zinthu zitasokonekera kwinakwake. Iye anayankha akupukuta manja, maganizo ali kutali.

"Ayi, musazikakamize. Zisiyeni zikakamire pa chipata cha Adokotala, ndidzaziona mawa."

Atadula foni m'pamene anaona kuti bambo ake ali pa mpando pomwepo, nyuzipepala ili pamiyendo.

"Chipata cha ndani?"

Mzime anayang'ana ku khitchini, koma amayi ake sanatulukire.

"Ndi dzina chabe la mlonda watsopano uja, Ababa. Anayambitsa ndi anyamata aja. Ndinawaletsa, koma linakakamira. Analilemba ndi m'pulogalamu momwe."

"Ndiye aliyense wobwera amaliona."

"Amaliona."

"Amafunsa?"

"Atsopano amafunsa."

Adokotala anapinda nyuzipepala pakati, n'kuipindanso. Kamdzukulu kankathamangitsa mpira pabwalo.

"Umawayankha chiyani?"

Mzime anaika foni m'thumba. Sanakweze mawu, ndipo sanawayang'ane kumaso.

"Ndimati anali wantchito wathu wakale."

Anabwerera ku khitchini. Adokotala anakhala pomwepo mpaka mpira unagubuduka n'kuwagunda phazi. Anawerama, msana ukudandaula, n'kuubweza kwa mwana.